Kusoka bedlah pa chidole: konzani kaye chidolecho musanadule nsalu

Mwezi sutha ndisanalandire uthenga wa telala mnzanga wodandaula nkhani imodzimodziyo. Amati: "Achemwali, kwabwera kasitomala wovina gule wa Aluya uja. Ndasoka zonse, pa chidole zinakhala bwino kwabasi, koma mwiniwake atangovala n'kugwedeza chiuno pang'ono, lamba watsetsereka, bra yakwera kumsana. Ndalakwa pati?" Yankho lake pa foni silitha, mayunitsi ndiwo amayamba kutha. Choncho ndaganiza zolemba kamodzi, kuti aliyense wondifunsa ndizingomulozera pano.

Tiyambe tamvana mawu. Gule amene Azungu amamutcha belly dance, eni ake ku Egypt amati raqs sharqi, kutanthauza gule wa kum'mawa. Chovala chake chodziwika kwambiri ndi bedlah, liwu la Chiarabu lotanthauza suti. Ndi zinthu zitatu: bra yolimba yokutidwa ndi mikanda, lamba wa m'chiuno wofanana nayo, ndi siketi. Chovalachi chinatchuka m'nyumba za zisangalalo za mu Cairo, monga ija anatsegula Badia Masabni mu 1926, momwe munavinapo Samia Gamal ndi Tahia Carioca asanadziwike m'mafilimu. Mukamva wovina akuti shabaka, akunena kansalu kopyapyala ngati ukonde kophimba mimba, kamene ovina a ku Egypt amavala chifukwa malamulo a kumeneko salola kuvina pagulu mimba ili pamtunda. Mphonje ndi tizingwe ta mikanda tolendewera. Ndipo ndikamati chidole ndikunena thunthu lija lopanda mutu ndi manja limene timayezerapo zovala, lomwe m'masitolo amalemba kuti dress form.

Gwero la vuto lonse ndi ili. Chidole anachipangira diresi, bulauzi ndi jekete, zovala zokolekeka m'mapewa n'kugwa zokha. Bedlah sikolekeka paliponse. Imakhala pathupi chifukwa yalifinya thupilo. Tsono thupi la munthu limafinyika, limapuma, limachita thukuta, limavina. Chidole chimangoti gwa. Mukasokera pa chidole mmene chinachokera kusitolo, mwasokera munthu wina, osati kasitomala wanu.

1. Dziwani chidole chimene muli nacho

Zidole zokhala ndi timagudumu tosinthira saizi, monga za Singer, Dritz kapena Adjustoform, ndi zimene ambiri tili nazo chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. Ndi chigoba cha pulasitiki chokutidwa ndi kansalu kopyapyala. Mukazunguza timagudumuto chimatseguka mipata pakati pa chifuwa, pakati pa msana ndi m'mbali, ndendende pamene pamakhala mfundo ya bra ndi ngowe za lamba. Pini salowanso molunjika, amangolowa chopendekera. Zidole za akatswiri, zolimba thupi lonse ndi zolasika paliponse, ndi zabwino koposa koma n'zodula. Chidole chowonetsera malonda pa windo la shopu, choterera chija, sichilandira pini n'komwe ndipo chiuno chake si cha munthu weniweni. Ena amapanga chawo pokulunga wovinayo ndi tepi yomata yolimba pamwamba pa T-shirt yakale, n'kudula kumsana, n'kudzaza m'kati. Chimenecho chimatenga maonekedwe a mwiniwake, koma chimatuluka chokulirapo pang'ono ndipo guluu wake amamata mapini.

Chilichonse mwa izi cholandira pini chingagwire ntchito, bola zinthu zitatu. Chikhale chocheperapo kuposa wovina wanu, chifukwa chaching'ono chimanenepetseka koma chachikulu simungachisende. Chitsike mpaka kupitirira pamene matako atambalala kwambiri, pakuti zina zimathera m'mwamba pomwe ntchito yathu ikuyambira. Ndipo miyendo ya mzati wake ikhale yolemera. Ngati ndi yopepuka, tsamiritsani thumba la mchenga kapena njerwa ziwiri, apo ayi lamba wa mikanda adzachigwetsa chafufumimba.

2. Yezani wovina mmene amaimira povina

Atelala tinazolowera kuuza kasitomala kuti aime chilili ngati msilikali. Pano musatero. Muuzeni aime mmene amaimira nyimbo ikamayamba: mawondo ofewa pang'ono, chifuwa chokwezeka, matako osatulutsira kumbuyo. Akhale wopanda nsapato ngati amavina wopanda nsapato, ndipo avale bra imene imamukhala bwino ndi kabudula kapena legini wothina. Abambo amene mumasoka, itanani mayi wina adzagwire tepi, kapena wovinayo abwere ndi mnzake. Miyezo iyi ndi ya pafupi kwambiri ndi thupi, ndipo munthu womangika amakoka mimba, manambala onse n'kusokonekera.

Lembani kuzungulira kwa chifuwa pamene chatumphuka kwambiri, kuzungulira kunsi kwa mabere, mtunda wa pakati pa nsonga ziwiri za mabere, kuchokera paphewa kufika pansonga mbali zonse ziwiri, kuzungulira pamchombo, ndi kuzungulira matako pamene atambalala kwambiri. Mbali ziwiri za munthu sizifanana. Bere limodzi limakula kuposa linzake, phewa lina limatsika, ndipo ovina ambiri ali ndi mbali imodzi ya chiuno yokwererapo.

Kunsi kwa mabere yezani katatu: tepi itangokhudza khungu, kenako mutaikoka mpaka wovinayo anene kuti "apo ndiye pamene ndimafuna igwire", kenako atakoka mpweya wodzaza chifuwa. Nambala yachiwiriyo ndiyo ya chidole. Yachitatuyo ikukuuzani malire amene simuyenera kuwapyola, chifukwa munthu wovina mphindi 15 osaima amapuma ngati wothamanga.

3. Pezani mzere weniweni wa lamba

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse.

Lamba wa bedlah sakhala pamene pamakhala lamba wa thalauza. Amakhala kunsi kwa mchombo, pa mafupa a chiuno. Koma funso lakuti "kunsi motani" silingayankhidwe ndi tepi, ngakhale ndi wovinayo ataima pagalasi n'kuloza ndi chala. Limayankhidwa ndi gule. Aliyense amene anaonapo amayi akuvina chisamba kapena chimtali akudziwa kuti nsalu yomanga m'chiuno sikhala pamene yamangidwa. Nyimbo yoyamba ikamatha imakhala yadzipezera malo ake, ndipo mwiniwake amaimanganso pamenepo. Lamba wa mikanda amachita chimodzimodzi, kungoti iye mukamusoka simungamumangenso.

Chitani izi. Dulani chidutswa cha jinzi yakale chosatamuka, masentimita 5 m'lifupi, chotalika kuzungulira chiuno n'kutsalako. M'mangeni wovinayo pamene iye akufuna, mugwirize ndi mapini otsekera awiri. Kenako lendewetsani kulemera. Ine ndimatenga mapaketi omwewo a mikanda imene ndagulira chovalacho, n'kuwapachika ndi mapini kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Popanda kulemerako mayesowo ndi opanda pake, chifukwa chimene chimatsitsa lamba ndi mikanda, osati nsalu.

Tsopano yatsani nyimbo yake, osati yanu, avine yonse mpaka kumapeto. Anjenjemeretse chiuno, chimene iwo amati shimmy. Agwetse chiuno mbali imodzi, azungulire, apinde msana, atsike pansi ngati amatsika pansi povina. Musamuimitse kuti mukonze. Chidutswacho chikatsetsereka kwambiri, thinitsani pang'ono muyambirenso. Chikamamudula mpaka mnofu kutumphukira pamwamba, masulani pang'ono muyambirenso. Kawirikawiri zimanditengera maulendo atatu kuti tipeze pamene lamba akukhazikika osamupweteka.

Mukapapeza, asasunthe. Lembani m'mphepete mwa pamwamba pa chidutswacho, ndi choko ngati pali legini, kapena ndi pensulo ya m'maso ngati ndi pakhungu. Lembani malo 8: pakati kutsogolo, pakati kumbuyo, m'mbali monse muwiri, ndi pakati pa malo anayiwo. Kenako yezani kuchokera pansi kufika pa chizindikiro chilichonse. Gwiritsani ntchito rula yaitali yathabwa kapena ndodo yowongoka, osati tepi, pakuti tepi imatsata mwendo n'kukunamizani.

Mudzaona kuti manambalawo sakufanana. Kwa ambiri kumbuyo kumakwera, kutsogolo kumatsika, ndipo mbali ina imaposa inzake. Musawakonze kuti afanane. Mtima wa telala umafuna mzere wowongoka, koma mzere wokhotawo ndiwo woona. Pomaliza lembani kutalika kwa chidutswa cha jinzi chija kuchokera pini mpaka pini. Chidutswacho musachitaye, mudzachifuna posachedwa.

Muonenso kumbuyo wovinayo atawerama. Lamba ayenera kuphimba mpendero wa siketi ndi wa chovala cham'kati. Ngati sakuphimba, lambayo adzafunika kukhala wotambalala kumbuyo, ndipo ndi bwino kudziwa lero.

4. Nenepetsani chidole mpaka chikhale iyeyo

Pemphani bra yakale ya wovinayo, muiveke chidole, mudzaze makapu ake ndi thonje la m'mapilo mpaka mtunda wa pakati pa nsonga ndi wochokera paphewa zifanane ndi zimene munalemba. Mabere a zidole zambiri amakhala okwera ndi otalikirana kuposa a anthu, n'chifukwa chake ndinati chidole chikhale chaching'ono, kuti mumange anu pamwamba pake.

Kenako matako, mimba ndi m'mbali. Gwiritsani ntchito thonje la m'mapepala lija timaika m'maduveti. Ikani zigawo zopyapyala zingapo m'malo mwa chimodzi chochindikala, ndipo m'mphepete muzing'amba ndi manja, osadula ndi sizasi, kuti pasakhale masitepe. Ngati chidole chanu ndi cha timagudumu, yambani mwatseka mipata ija ndi katoni ndi tepi yomata.

Cholakwika chachikulu apa ndi kukhutira ndi nambala yozungulira. Amayi awiri angakhale ndi masentimita 100 onse, wina wotambalala m'mbali koma wophwatalala kumbuyo, wina wopapatiza m'mbali koma wa matako otuluka. Lamba wa woyambayo sangamukhale wachiwiriyo. Choncho yezani theka la kutsogolo palokha ndi theka la kumbuyo palokha, kuchokera mbali kufika mbali. Jambulaninso wovinayo ndi foni chakumbali, ndi chilolezo chake, mujambulenso chidole kuchokera pamalo omwewo, muike zithunzizo pamodzi. Diso limaona pa chithunzi zimene limaphonya pamaso.

Pali malo awiri amene thonje lofewa siliyenera: kunsi kwa mabere ndi pa mzere wa lamba. Pamenepo mangani ndi chinthu chosabonyoka, monga thawulo lakale kapena bulangete lodula mizere, ndipo mufikitse pa nambala yothina ija, osati yomasuka. Chifukwa chake n'chakuti thupi la wovina lidzakhala litafinyika kale pamalo amenewo. Mukaika thonje lofewa, mudzakoka lamba pa chidole, thonjelo lidzalowa m'kati, ndipo simudzadziwanso kuti mwathinitsa motani. Chidutswa cha jinzi chija ndicho mboni yanu: chikazungulira chidole n'kukumana pa mabowo a mapini aja popanda kukakamiza, mwafika.

Mukatha, vekani chidole chonse nsalu yotamuka yothina, T-shirt yaing'ono kapena chovala chosambira chakale, muisoke kunsi. Yezaninso zonse, chifukwa chophimbacho chimafinya thonje ndipo manambala amatsika. Kenako khomani kariboni kopapatiza posonyeza pakati kutsogolo, pakati kumbuyo, m'mbali ndi kunsi kwa mabere. Ntchito imeneyi imanditengera tsiku lathunthu, ndipo ndimaiwerengera mu mtengo wa chovala. Inunso muziiwerengera.

5. Ikani chidole pa msinkhu wake

Kwezani kapena tsitsani chidole mpaka malo amene mafupa a chiuno ali afanane ndi a wovina kuchokera pansi. Ndi rula ija samutsirani manambala 8 aja pa chidole, mulumikize ndi kariboni. Umenewo ndiwo mzere wa lamba. Thinitsani sikuluwu ya pa mzati ndipo mukulunge tepi pamenepo, chifukwa katundu akachuluka chidole chimatsika chokha pang'onopang'ono inu osazindikira. Pansi pakhale posalala ndi posapendekeka.

6. Tengani pateni ya lamba pa chidole pomwepo

Lamba woyamba amene ndinasoka ndinamudula wowongoka ngati mpendero wa siketi ya sukulu. Ndinakhala milungu itatu ndikuika mikanda. Tsiku loyesa, kunsi anagwira bwino pa matako koma pamwamba kumsana panatsala mpata woti dzanja lonse n'kulowa. Ndinasula mikanda yonse ya kumbuyo, ndipo mayiyo anavina ndi chovala chobwereka. Zinandiwawa kwambiri, ndipo sindifuna wina adutsemo.

Chiuno ndi chopapatiza pamwamba, chotambalala kunsi. Lamba woti achikhale ayenera kukhala wokhota. Njira yosavuta yopezera kukhotako ndi iyi: kulungani chiuno cha chidole ndi pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya, mumate pamwamba pake tizidutswa tatifupi ta tepi ya pepala, zigawo ziwiri. Jambulani lamba wanu pa tepiyo, m'mphepete mwa pamwamba mukutsata kariboni kaja, kunsi mmene mukufunira, kaya kosongoka pakati kaya kozungulira. Lembani pakati, m'mbali, ndi mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Dulani m'mbali mosamala, muchotse, muyale patebulo. Idzakhota ngati nthochi. Pamene ikukana kugona, makamaka pamwamba pa matako, chekani pang'ono mpaka igone. Mipata imene yatsegukayo ndiwo madati anu, timisoko tosongoka topinda nsalu kuti itsate thupi.

Thupi la lamba ndimalipanga ndi zigawo zitatu: jinzi kapena kanvasi, sitifi yolimba (nsalu yoika m'kati kuti chovala chisabonyoke), ndi nsalu yofewa yochindikala pamwamba kuti singano izigwira bwino. Sokani madati a chigawo chilichonse pachokha, muwasiyanitse malo pang'ono kuti asaunjikane n'kupanga chotupa. M'mphepete mwa pamwamba sokererani riboni yolimba ya grosgrain, ya mizeremizere ija, chifukwa mpheto yokhota imatamuka ikamanyamula katundu.

Ine ndimakonda lamba wa zidutswa ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zokumana m'mbali monse. Wovina akanenepa kapena kuwonda mumasuntha ngowe mbali zonse mofanana, maluwa a pakati n'kukhalabe pakati. Siyani masentimita 5 mpaka 8 opitirira mbali iliyonse. Musanakute ndi nsalu yokongola, itanani mwiniwake avine nalo thupi la lamba lopanda mikandalo, mapaketi a mikanda aja atapachikidwanso.

7. Bra

Bra ya m'sitolo imagwira chifukwa cha lasitiki. Mukaikuta ndi nsalu ndi mikanda siitamukanso, ndipo lasitiki wotsalayo sangapirire kulemerako. Choncho pa bra yogula timangotengapo makapu okha, olimba, okhala ndi waya kunsi. Tengani okulirapo saizi imodzi, pakuti nsalu yokutira, mfundo za ulusi ndi nsalu ya m'kati zimadya malo. Zingwe za m'mapewa ndi mapiko a m'mbali dulani mutaye.

Apa chidole chimathandiza kwambiri. Khomani makapuwo pa mabere munamanga aja, muwapendeketse mpaka m'mphepete mwake mugone pathupi popanda mpata, ndipo muone mtunda woyenera pakati pawo. Alumikizeni ndi grosgrain yopinda kawiri. Mapiko atsopano atengereni pateni ya tepi ngati ya lamba ija, muwapange ndi zigawo zomwezo. Pokuta makapu, tambasulani nsalu chopingasa pamene imatamuka, muigwirize ndi mapini kapu ili pa chidole, kenako muchotse musokere m'manja. Mukakutira patebulo kapu itabonyoka, idzauma mmenemo.

Koma pa zingwe za m'mapewa chidole musachikhulupirire. Mapewa ake sakwera, pamene wovina amakhala manja ali m'mwamba theka la nyimbo. Siyani masentimita 10 owonjezera pa chingwe chilichonse, muzigwirize ndi mapini okha mpaka tsiku loyesa. Za mtundu wa zingwe, maganizo anga ndi akuti chingwe chozungulira khosi chokha chimakweza chifuwa mokongola koma chimasenzetsa khosi katundu yense. Kwa mayi wa chifuwa chachikulu ndimawonjezera zingwe zopingasana kumsana, ngakhale atapempha cha pakhosi chokha, ndipo ndimamufotokozera chifukwa chake.

8. Mikanda ndi mphonje: konzerani pa chidole, sokerani m'manja

Vekani chidole bra ndi lamba, mukhome maluwa, miyala ndi mphonje ndi mapini. Bwererani m'mbuyo mamita atatu kapena anayi. Omvera nyimbo sakhala pafupi ngati inu, ndipo tinthu tating'ono timene takudyerani maola timazimirira patali. Zimitsani magetsi, muwunike ndi tochi kuchokera pamwamba, muone chimene chikunyezimira.

Mukakhutira jambulani chithunzi, mulembe ndi choko, muchotse. Musasokere pa chidole, mudzasokerera thonje lake. Posoka, lamba akhale atakhota pa ntchafu panu kapena pa pilo. Mukasokera patebulo atagona, ulusi udzathina pamene akupindidwa pathupi ndipo mikanda idzayamba kuthothoka. Dziwaninso kuti lamba amafupika akadzaza mikanda, chifukwa msoko uliwonse umakoka nsalu pang'ono. Madzulo aliwonse m'bwezereni pa chidole muone ngati akukumanabe pa zizindikiro zake.

Pa mphonje, mikanda ya galasi ndiyo imavina. Ndi yolemera, choncho imagwedezeka n'kubwerera mogwirizana ndi chiuno, pamene ya pulasitiki imangoti lendelende. Ya ku Czech Republic monga ya Preciosa, ndi ya ku Japan ya Miyuki kapena Toho, ndi yofanana kukula ndipo mabowo ake sadula ulusi. Iliyonse imene mwagula, ipukuteni ndi kansalu koyera konyowa musanaigwiritse ntchito. Ikasiya mtundu pa kansaluko, idzausiyanso pamimba pa kasitomala wanu. Kachingwe kalikonse ka mphonje kakhale ndi mfundo yakeyake, kuti kamodzi kakaduka tinzake tisatsatire.

Pali chinthu chimodzi chimene chidole chimatiiwalitsa tonse: chilibe manja. Munthu amaika miyala ya mano achitsulo mpaka kukhwapa, pa chidole n'kuoneka bwino, koma wovina akatsitsa mkono khungu la m'kati mwa mkono limakandika mpaka kufiira. Miyala yomweyo imakolanso nsalu yopyapyala imene amavina nayo m'manja, ndi tsitsi lalitali. M'mbali mwa bra ndi kumsana kumene tsitsi limafika, ikani mikanda yosalala yokha.

9. Siketi

Siketi yozungulira ya shifoni ndi yosavuta kudula koma ndi yovuta mpendero. Bowo lake liyenera kudutsa pamene matako atambalala kwambiri, ngati mukuika lasitiki. Gawani nambala imeneyo ndi 6.28 kuti mupeze mtunda wochokera pakona ya nsalu yopinda kufika pamzere wodula. Matako a masentimita 100 akupatsani pafupifupi 16. Ngati mukulumikiza mabwalo awiri athunthu kuti siketi idzaze kwambiri, gawani ndi 12.56, mupeza pafupifupi 8.

Mukalumikiza, musapinde mpendero. Vekani chidole, lasitiki akhale pansi pang'ono pa mzere wa lamba, muike lamba pamwamba pake, muisiye masiku awiri kapena atatu. Mbali za nsalu zimene zagwa chopingasa zidzatamuka n'kutalika kuposa zinzake. Mukathamangira kupinda lero, nsaluyo idzatamukabe, koma idzatamukira pa siteji. Masikuwo akatha, onani kaye ngati chidole sichinatsike pa mzati, kenako lembani mpendero ndi rula kuchokera pansi kuzungulira siketi yonse. Ine ndimasiya sentimita imodzi kapena awiri kuchokera pansi. Ikafupika kwambiri imaoneka yobwereka, ikakhudza pansi wovina amaiponda pobwerera m'mbuyo.

Siketi yothina ya nsalu yotamuka, imene ovina a ku Cairo amakonda masiku ano, ndi nkhani ina. Chidole cha mzati umodzi chilibe miyendo, choncho sichingakuuzeni ngati munthu angaponye phazi. Kutalika kwa chong'ambika cha pantchafu kulembeni pa mwiniwake akuyenda ndi kukweza bondo.

10. Ngowe ndi nsalu ya m'kati zibwere pomaliza

Mikanda yonse ikatha, itanani wovinayo ndi nyimbo yake ija. Gwirizani zonse ndi mapini otsekera aakulu, avine nyimbo yathunthu. Akweze manja, awerame, apume mozama. Inu khalani kumbuyo kwake kwa theka la nyimbo, chifukwa kumeneko iye sadziona. Bra ikakwera kumsana, mapiko ndi omasuka kapena zingwe zafupika. Kapu ikatseguka pamwamba akawerama, fupikitsani chingwe kapena muike kapilo kakang'ono kunsi kwa kapuyo chakumbali. Lamba akamazungulira, ndiye kuti ndi womasuka.

Pamene mapini akhazikika, pamenepo sokani ngowe. Gwiritsani ntchito ngowe zophwatalala zachitsulo za pa thalauza, ziwiri kapena zitatu pa malo alionse otsekera, ndi ulusi wolimba wodutsa mpaka mu jinzi ya m'kati, osati mu nsalu yokongola yokha. Kansonga kotsala kagwirizeni ndi batani lodina kuti kasatukuke.

Nsalu ya m'kati ikhale ya thonje, ndipo muisoke ndi manja ndi misoko yotalikirana pang'ono. Bedlah siichapidwa mu beseni ngati zovala zina, choncho nsalu imeneyi ndiyo imamwa thukuta, ndipo mwiniwake adzafuna kuichotsa n'kuika ina.

Chovala chikatha musachisiye pa chidole ngati chowonetsera. Kulemera kwa mphonje kumakoka zingwe ndi ulusi usana ndi usiku. Muuzeni kasitomala kuti akavina azichiyanika pamthunzi m'kati muli kunja mpaka chiume, kenako achigoneke m'chikwama cha pilo cha thonje, osati mu jumbo ya pulasitiki. Inuyo vulani chophimba cha chidole pamodzi ndi thonje lake mosamala, muike m'thumba limodzi ndi chidutswa cha jinzi chija, pateni ya tepi ndi pepala la manambala 8, mulembepo dzina lake ndi tsiku. Akadzabweranso mudzangoyeza kunsi kwa mabere ndi mzere wa lamba kuti muone ngati zasintha.